Mmene mungapezere chilolezo chomangira kanyumba kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba ku Salima

Banja likakhazikika pa puloti kwa zaka zingapo, katundu amayamba kuchuluka kuposa nyumba. Matumba a chimanga ndi mpunga amaunjikana pabalaza, njinga yamoto imagona m'khitchini, ndipo kwa anthu a ku Senga Bay kapena ku Chipoka pamakhalanso maukonde, nyali ndi injini ya boti zimene sizingasiyidwe panja. Apa m'pamene pamabwera maganizo omanga kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri. Poti kanyumbako n'kakang'ono ndipo kadzaima pa malo awo omwe, eni ake ambiri amangoitana mmisiri, kugula malata ndi simenti, ntchito n'kuyamba, osaganizako zoti pali ofesi imene iyenera kudziwa.

Kukula kwa kanyumbako si chinthu choyamba chimene a khonsolo amayang'ana. Iwo amafuna kudziwa kuti malowo ndi a mtundu wanji, kanyumbako kadzaima pati, ndiponso kadzagwira ntchito yanji. Kashedi ka mamita 3 mulitali ndi mamita 2 mulifupi kakhoza kugwetsedwa ngati kaima pamwamba pa paipi ya madzi, pamene chinyumba chachikulu kuwirikiza katatu chikhoza kuloledwa popanda vuto chifukwa chaima pamalo oyenera. Ndi bwino kutsata magawo otsatirawa m'ndondomeko yake, chifukwa yankho limene mupeze pa gawo limodzi limasintha zochita pa gawo lotsatira.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Physical Planning Act la chaka cha 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Lamulo lakalelo linkagwira ntchito makamaka m'madera amene boma linachita kuwalengeza kuti azitsata mapulani, n'chifukwa chake anthu ambiri anakula akuganiza kuti zopempha chilolezo chomangira ndi za ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kokha. Lamulo latsopanoli linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, ndipo kuno ku Salima khomo loyamba kugogoda ndi la khonsolo ya boma.

Gawo loyamba: dziwani mtundu wa malo anu

Musanalankhule ndi mmisiri aliyense, tulutsani mapepala a malowo muwawerenge modekha. Ngati puloti yanu ili ndi lizi ya boma, imene pa malo okhalapo anthu kawirikawiri imakhala ya zaka 99, mupeza kuti m'kati mwake munalembedwa ntchito imene malowo anaperekedwera, pamodzi ndi mfundo zimene muyenera kutsata pomanga. Onaninso ngati mwakhala mukulipira lendi ya malo ya chaka ndi chaka ku Unduna wa Zamalo, chifukwa ngongole ya lendi imatha kuchedwetsa pempho limene linalibe vuto lina lililonse.

Ngati mukukhala m'nyumba ya Malawi Housing Corporation, ya boma, ya kampani, kapena ya munthu wamba imene mukuchita lendi, malowo si anu, ndipo pempho liyenera kuyambira kwa mwini nyumba. Chilolezo chake chikhale cholembedwa ndi chosainidwa, ndipo m'kalata yomweyo mugwirizaniretu kuti pa tsiku losamuka kanyumbako kadzakhala ka yani, komanso ngati ndalama zimene mwawononga zidzachotsedwe pa lendi. Chomangidwa ndi njerwa chimatsala pa malo mwini wake akamakweza katundu pa lole. Kwa munthu wa lendi, ine ndimaona kuti kanyumba ka malata ndi mitengo komangidwa ndi mabawuti, kotheka kuphwasula n'kukamanganso kwina, ndiko kanzeru.

Anthu ambiri a m'boma lino ali pa malo a makolo, m'madera a mafumu aakulu monga Kalonga, Maganga, Khombedza, Pemba ndi Ndindi. Kumudzi kwenikweni, kumene banja likumanga nkhokwe, khitchini kapena khola pabwalo lake, chachikulu ndi kumvana ndi abale ndi kudziwitsa a nyakwawa, ndipo mkamwini amene akumanga kwawo kwa mkazi ayambe wakambirana ndi mkazi wakeyo komanso mwinimbumba, kuti kanyumbako kasadzasanduke mlandu m'tsogolo. Vuto limakhala m'malo amene kale anali midzi koma tsopano tawuni yawapeza, monga m'mphepete mwa boma, m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay ndi pa misika ikuluikulu. Kumeneko munthu amakhala ndi kalata yogulira malo yodindidwa ndi a mfumu, n'kumaganiza kuti kalatayo yamaliza zonse. Kalata imeneyo imachitira umboni za mmene munapezera malowo, koma si chilolezo chomangira, ndipo chidindo cha mfumu sichingafafanize msewu kapena ngalande imene pulani ya khonsolo inaika pamalopo. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa makomiti a zamalo m'dera la gulupu, ndiponso mwayi wolembetsa malo a makolo m'kaundula. Ngati kwanu komitiyo ilipo, ionetseni mapepala anu musanapite pa boma, chifukwa a khonsolo adzafuna umboni woti malowo ndi anudi ndipo palibe amene akuwalimbirana.

Gawo lachiwiri: pezani malire enieni

Mpanda si malire. Mipanda yambiri ya udzu, ya bango ngakhale ya njerwa inamangidwa mongoyerekeza, ndipo imatha kulowa kwa mnansi ndi mita yathunthu popanda wodandaula, kufikira tsiku limene wina wamangapo chinthu chokhazikika. Pa puloti yopimidwa funani mabikoni, timiyala ta konkire timene a saveya amakwirira m'ngodya za puloti. Mukawapeza, kokani chingwe kuchokera pa bikoni imodzi kufika pa inzake, muyeze ndi tepi, kenaka muyerekeze ndi miyeso imene ili pa mapu a malo anu. Ngati bikoni yasowa, musaikepo mwala wanu, chifukwa kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu, ndipo amene angaibwezeretse ndi saveya wovomerezeka yekha, amene ofesi ya zamalo ya pa boma ingakulozereni. Pa malo amene sanapimidwe, itanani a nyakwawa ndi anansi a mbali zonse, muyende nawo m'malire, mulembe zimene mwagwirizana ndipo onse asainire.

Tsiku lomwelo tengani pepala mujambule puloti yonse, ngakhale ndi pensulo chabe. Muonetse nyumba, chimbudzi, bafa, dzala, chitsime kapena mpopi, mitengo ikuluikulu, geti ndi msewu, ndipo mulembe mtunda wochokera pa chinthu chilichonse kufika m'malire. Pepala limeneli mudzayenda nalo m'maofesi onse.

Gawo lachitatu: chotsani malo amene simungamangepo

Apa m'pamene anthu ambiri amatayira ndalama, choncho pafunika kuchedwapo. Si gawo lililonse la puloti limene mwini wake ali ndi ufulu womangapo, ngakhale litakhala m'kati mwa mpanda.

Yambani ndi msewu. Misewu ikuluikulu monga M5, umene umadutsa ku Salima kulowera ku Nkhotakota, ndi M14 wochokera ku Lilongwe, ili ndi malo osungidwa a mamita 30 mbali iliyonse kuwerenga kuchokera pakati pa msewu. Chomangidwa m'malo amenewo chimalembedwa chizindikiro cha penti n'kugwetsedwa pamene msewu ukukulitsidwa, ndipo amene anamanga mosaloledwa asayembekezere chipukuta misozi. Misewu ing'onoing'ono ya m'malokeshoni ilinso ndi malo ake osungidwa, ngakhale kuti lero ikuoneka ngati tinjira ta njinga, ndipo mapuloti ena ali ndi kamsewu kakuseri kamene kanasiyidwira ngalande, mapaipi kapena galimoto yopopa zimbudzi. Njanji imene imadutsa pa boma ndi ku Chipoka nayonso ili ndi malire ake, amene eni njanji sayang'ana kuti wamangapo ndani.

Kenaka yang'anani kumwamba ndi pansi. Pansi pa mawaya a ESCOM sipamangidwa kanthu, makamaka mawaya a mphamvu yaikulu amene amapita ku thiransifoma, ndipo denga la malata likayandikira waya, ngozi yake imayamba pa tsiku lokhomera lomwelo, pamene kalipentala akukweza lata lalitali. Pansi pa nthaka pamadutsa mapaipi a Central Region Water Board, ndipo paipi yopita ku mita yanu kapena ya mnansi wanu ikaphulika pansi pa simenti ya kanyumba, amene akukonza adzaswa simentiyo. Musamange pamwamba pa thanki ya chimbudzi chamadzi kapena dzenje lake lomwetsera madzi, ndiponso musatseke njira imene galimoto yopopa imalowera. Pamene panali chimbudzi chokumba kapena dzala lakale, nthaka yake imatitimira kwa zaka zambiri, ndipo khoma loima pamenepo limang'ambika ngakhale mmisiri atakhala waluso chotani.

Chomaliza ndi madzi, amene kuno si nkhani yongomva. Gawo lalikulu la Salima ndi chigwa, ndipo mitsinje monga Linthipe, Lifidzi ndi Lingadzi imasefukira mvula ikachuluka kumtunda. M'chaka cha 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Malamulo a zamadzi ndi a zachilengedwe amafuna kuti m'mphepete mwa mtsinje ndi nyanja musiyidwe mpata wosamangapo, ndipo poyeza mpatawo musawerengere pamene madzi ali mu Okutobala. Funsani achikulire a m'deralo akuonetseni pamene madzi anafika m'chaka chimene anakwera kwambiri. Ngakhale kutali ndi nyanja, kumbukirani kumene madzi amayenda pa puloti yanu mu Januwale ndi Febuluwale. Kanyumba kotseka njira ya madzi kamawakankhira kwa mnansi, ndipo madandaulo ambiri amene amafika kwa a nyakwawa ndi ku khonsolo amayamba chotero.

Mukachotsa malo onsewa pa pepala lanu lija, pamene patsala m'pamene mungasankhepo.

Gawo lachinayi: kafunseni ku khonsolo musanalipire wojambula pulani

Tengani chitupa cha unzika, mapepala a malo ndi chojambula chanu, mupite ku maofesi a khonsolo ya Salima, mukafunse ofisala woona za mapulani a malo. Nthambi zimene zimakhudzidwa ndi ya mapulani ndi chitukuko, ya zomangamanga, ya zamalo ndi ya zaumoyo, koma inu mukayambire kwa woona za mapulaniyo, ndipo iye ndi amene angakuuzeni ngati enawo akufunika.

Funso loyamba likhale lakuti puloti yanu ili m'chigawo chiti pa pulani ya tawuni. Pulani imeneyi imagawa malo molingana ndi ntchito yake: okhalamo anthu, a malonda, a mafakitale, a sukulu, zipatala ndi nyumba zopempherera, komanso malo amene ayenera kukhala osamangapo. Malo okhalamo anthu nawonso amagawidwa molingana ndi kukula kwa mapuloti ndi kuyandikana kwa nyumba, ndipo chigawo chilichonse chili ndi miyeso yake. N'chifukwa chake miyeso imene mbale wanu anapatsidwa ku Area 25 ku Lilongwe simungaitenge n'kuigwiritsa ntchito ku Kaphatenga. Funsani mtunda umene muyenera kusiya kuchokera m'malire a kutsogolo, a m'mbali ndi a kuseri, kutalika kumene khoma ndi denga zingafike, ndiponso gawo la puloti limene likuloledwa kukhala ndi zomangidwa.

Muyeso womalizawu ndi umene umadzidzimutsa anthu, choncho tiyeni tiuwerengere. Tiyerekeze kuti puloti ndi ya mamita 15 mulifupi ndi mamita 30 mulitali, kutanthauza masikweya mita 450. Nyumba yatenga 120, khitchini yapanja ndi bafa zatenga 20, ndipo kanyumba kamene mukufuna, ka mamita 4 ndi mamita 3, katenga 12. Zonse pamodzi ndi 152. Ngati a khonsolo atakuuzani kuti m'chigawo chanu zomangidwa zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a puloti, malire anu ndi 150, ndipo mwapitirira ndi masikweya mita 2 okha. Kungochepetsa kanyumbako kuti kakhale ka mamita 3 mbali zonse kumakutsitsirani pa 149. Kusintha koteroko pa pepala n'kwaulere, pamene pa khoma loti lafika kale pa lintala kumafuna nyundo.

Lamulo limazindikira kuti pali tintchito tina ting'onoting'ono timene tingachitike popanda kupempha chilolezo chathunthu. Funsani ngati kanyumba kanu kakugwera m'gulu limenelo, koma musadzigamulire nokha, ndiponso musakhutire ndi yankho la pakamwa lakuti kamangeni, palibe vuto. Maofisala amasamutsidwa, ndipo amene adzabwere kudzayendera dera lanu zaka zitatu zikubwerazi sadzadziwa zimene munakambirana ndi mnzake. Pemphani kuti yankholo lilembedwe ndi kudindidwa, ngakhale pa chojambula chanu chomwecho.

Gawo lachisanu: nenani zoona za ntchito ya kanyumbako

Kanyumba kosungiramo makasu, njinga ndi matumba a chakudya cha pabanja ndi gawo la nyumba yokhalamo, ndipo nthawi zambiri sikavuta kuloledwa. Nkhani imasintha ntchito yake ikasintha. Chipinda chogonamo munthu, kaya wantchito kaya wa lendi, chimafuna mawindo okwanira, mpweya, ndi chimbudzi chokwanira anthu onse a pa puloti. Okala, malo owotcherera zitsulo kapena chigayo ndi malonda, ndipo m'chigawo chokhalamo anthu zimafuna chilolezo chosinthira ntchito ya malo kuwonjezera pa laisensi ya bizinesi. Khola la nkhuku zambiri kapena la nkhumba, ndiponso malo owambira nsomba, zimaitana a zaumoyo chifukwa cha fungo, utsi ndi ntchentche.

Pali chiyeso cholemba kuti kanyumbako n'kosungiramo katundu pamene mumtima mukufuna chipinda cha lendi, poganiza kuti chilolezo chikatuluka palibe amene adzabwerenso. Chilolezo chimaperekedwa pa ntchito imene mwatchula, ndipo mukaisintha chimakhala kuti sichikukutetezaninso. Ngati muli ndi maganizo odzagonekamo munthu m'tsogolo, nenani tsopano kuti pulani ijambulidwe moyenera kamodzi kokha.

Asodzi ndi a kabaza wa njinga zamoto asamale ndi petulo. Zigubu za mafuta zisasungidwe m'kanyumba kogundana ndi khitchini kapena pafupi ndi pamene pamasonkhedwa moto, ndipo kusunga mafuta oti muzigulitsa kumafuna chiphaso cha bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la MERA, chimene chilolezo cha khonsolo sichingalowe m'malo mwake. Mankhwala opopera thonje nawonso asakhale chipinda chimodzi ndi chakudya.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: jambulitsani pulani ndi kulankhula ndi anansi

Ngati a khonsolo anena kuti chilolezo chikufunika, pezani wojambula mapulani amene ntchito yake khonsolo imailandira, ndipo mufunsiretu zimenezi kuti musalipire kawiri. Kawirikawiri pamafunika mapu oonetsa pamene puloti ili m'dera lanu, pulani ya puloti yonse yoonetsa zomangidwa zakale ndi kanyumba katsopanoko pamodzi ndi mitunda yofika m'malire, ndiponso pulani ya kanyumbako yoonetsa pansi, mbali zake, maziko ndi denga. Wojambulayo afike pamalopo adzayeze yekha. Pulani yojambulidwa pa kompyuta ndi munthu amene sanapondepo pa puloti imaoneka yokongola, koma imagwa pa tsiku limene oyendera abwera ndi tepi yawo. Onetsetsani kuti pa pulaniyo palembedwa zipangizo zimene mudzagwiritsedi ntchito. Kuyambira m'chaka cha 2018 pali malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, choncho ngati kanyumba kanu n'ka bizinesi, konzekerani mabuloko a simenti kapena njerwa zina zovomerezeka.

Pulani ili m'manja, pitani kwa mnansi amene kanyumbako kayandikire malire ake, mukamuonetse. Mulonjeze zinthu zimene mungazikwaniritse: kuti madzi a padenga adzagwera m'puloti yanu, kuti windo silidzayang'ana kubafa kwake, ndiponso kuti pakati pa khoma ndi mpanda padzatsala mpata woti munthu n'kulowa kukapaka pulasitala kapena kukasesa. Denga lotsetsereka mbali imodzi liyang'ane kwanu, ndipo ngati n'kotheka ikani gatala yotsogolera madzi m'mgolo kapena m'ngalande. Kuvomera kwa mnansi sikuchotsa muyeso wa khonsolo, popeza mnansiyo akhoza kudzagulitsa malo ake kwa munthu wina, koma kumachepetsa madandaulo amene amaimitsa ntchito ili pakati.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: perekani pempho, lipirani, dikirani

Lembani fomu yopemphera chilolezo, muphatikize makope a pulani monga mwa chiwerengero chimene akuuzani, umboni wa umwini wa malo, ndi kalata ya mwini malo ngati malowo si anu. Pamakhala ndalama younikira mapulani, imene kuchuluka kwake kumatengera mtundu ndi kukula kwa chomangidwa. Ilipireni kwa wolandira ndalama wa khonsolo kapena ku akaunti ya khonsolo ku banki, ndipo mulandire lisiti yokhala ndi dzina lanu ndi nambala ya puloti. Ndalama yopatsira munthu m'manja kuti afulumizitse mapepala siteteza kanyumba kanu, ndipo woperekayo ndi wolandirayo onse amakhala apalamula. Sungani kope la chilichonse chimene mwapereka, lodindidwa tsiku limene alandira, ndipo mujambulenso mapepalawo pa foni.

Mapulani amazungulira kwa akatswiri a nthambi zija, ena amabwera kudzaona malowo, kenaka komiti yoona za mapulani imagamula. Funsani tsiku limene komitiyo ikhale, kuti muzilondola pempho lanu pa nthawi yoyenera m'malo momangopita tsiku lililonse. Yankho likhoza kukhala lovomera, lovomera koma ndi mfundo zoti mutsate, loti mukonze kaye zina, kapena lokana. Akakana, pemphani zifukwa zolembedwa. Nthawi zambiri zimakhala zotheka kukonza, monga kusuntha kanyumbako kapena kukachepetsa, ndipo ngati mukuona kuti simunaweruzidwe bwino, lamulo limakupatsani mwayi wochita apilo m'nthawi yoikika. Lisiti ya ndalama younikira si chilolezo, choncho musakumbe maziko mpaka mutalandira kalata yovomereza ndi pulani yodindidwa. Chilolezo chimakhalanso ndi nthawi yake, ndipo mukachedwa kuyamba chimatha mphamvu.

Chifukwa cha kudikira kumeneku, ndi bwino kuyamba kuyendetsa mapepala mvula ikamatha, cha mu Epulo, kuti kumanga kuchitike m'chilimwe. Amene amayamba mu Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana, ndi amene amathamangira kumanga popanda chilolezo poti madzi afika m'khosi.

Gawo lachisanu ndi chitatu: mangani zimene zavomerezedwa

Mpatseni mmisiri kope la pulani yodindidwa, ndipo pa tsiku lokhoma zikhomo ndi kukoka zingwe mukhalepo inu mwini, muyeze mtunda wofika m'malire musanalole kukumba. Amisiri ena amakonda kuwonjezera kakhonde kapena kukankhira khoma kumpanda kuti bwalo likule, koma amene adzayankhe mlandu ndi mwini puloti. Ngati kalata yovomereza yanena kuti oyendera aitanidwe maziko akakumbidwa kapena musanafolere, aitaneni pa nthawi yake, chifukwa konkire akathiridwa palibe amene angaonenso kuya kwa maziko.

Nthaka ndi nyengo ya kuno zili ndi zofuna zake, zimene pulani yabwino imayenera kuzisonyeza. Dothi la makande limafufuma ndi madzi n'kung'ambika m'chilimwe, choncho maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, ndipo pansi pa kanyumbako pakwezedwe ndithu kuposa bwalo kuti chinyezi chisafike m'matumba. Pakati pa maziko ndi khoma paikidwe pepala lapulasitiki lotchinga chinyezi, mitengo ya denga ipakidwe mankhwala a chiswe, ndipo denga limangiriridwe kukhoma ndi waya kapena zitsulo zolowa m'mizere ingapo ya njerwa, chifukwa mphepo ya mwera komanso mkuntho wa mvula zoyamba zimasasula madenga ongotsamiritsa ndi miyala. Salima ili m'chigwa chimene mumachitika zivomezi, ndipo chivomezi cha mu Malichi 1989 chinagwetsa nyumba zambiri m'boma lino. Lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma onse amawonjezera ndalama pang'ono, koma ine sindingalangize munthu kumusiya, ngakhale pa kanyumba ka chipinda chimodzi. Siyani timabowo ta mpweya kumtunda kwa khoma, totchingidwa ndi sefa ya waya, poti kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata kumawononga mbewu. Ngati mukufuna magetsi, akokedwe ndi munthu wa chiphaso chovomerezeka, osati kungodutsitsa waya pawindo.

Ntchito ikatha, dziwitsani a khonsolo kuti adzaone ndi kulemba kuti mwamanga motsata pulani, ndipo kalatayo muisunge pamodzi ndi mapepala a malo. Idzafunika pogulitsa puloti, popempha ngongole ku banki, kapena pamene mukufuna kuwonjezera chomanga china.

Ngati munamanga kale popanda chilolezo

Khonsolo ili ndi mphamvu yopereka kalata yoimitsa ntchito, ndiponso kalata yolamula kuti chomangidwa mosaloledwa chikonzedwe kapena chigwetsedwe, ndipo mwini wake akanyalanyaza, khonsoloyo ikhoza kugwetsa yokha n'kumulipiritsa ndalama zimene yawononga. Mukalandira kalata yotere, imitsani amisiri tsiku lomwelo, muwerenge masiku amene mwapatsidwa, ndipo mupite ku ofesi imene yalemba kalatayo masikuwo asanathe, mutatenga mapepala a malo ndi miyeso ya kanyumbako. Ngati kalata sinabwere koma mukudziwa kuti simunapemphe, mukhoza kupita nokha kukafunsa njira yolongosolera zimene zinamangidwa kale. Adzafuna pulani yoonetsa kanyumbako monga mmene kalili, ndipo mwina padzakhala chindapusa. Kanyumba kamene kali m'kati mwa malire anu, kotalikirana bwino ndi mpanda ndiponso kosatseka njira ya madzi, kali ndi mwayi wovomerezedwa. Kamene kali m'malo a msewu, a njanji, pansi pa mawaya a magetsi kapena m'mphepete mwa mtsinje sikangavomerezedwe, ndipo pamenepo chanzeru ndi kupempha nthawi yoti muphwasule nokha, kuti mupulumutse malata, zitseko, mitengo ndi njerwa zimene mungakamangire pamalo ena a puloti yomweyo.